Mukuti ndinu "alien" ndiye simuvota? Onerani kaye izi

Moni a ku Mbare, Mufakose, Dzivarasekwa, Epworth, nonse a mbali za Harare kuno ku Zimbabwe, takulandirani! Dinani subscribe tiyambe. Lero tikukamba za foni ili m'manja mwanuyo ndi mavuto a mumsewu wanu.

Choyamba, gulu la WhatsApp. Muli nalo kale, lija la zamaliro ndi mapemphero, muzikambiranamonso mavuto a mumsewu wanu.

Chachiwiri, jambulani. Suweji yasefukira, mpope wauma, zinyalala zaunjikana? Lembani tsiku ndi dzina la msewu, tumizani kwa khansala wanu ndi ku bungwe la anthu okhala mu Harare, Combined Harare Residents Association. Kolera wa 2018 anayambira ku Glen View ndi Budiriro, madzi ndi nkhani ya moyo.

Chachitatu, apa mundipirire, chifukwa zimandiwawa. Ndimamva anthu akuti, "Ife ndife alendo, agogo anachokera ku Nyasaland, ndale za kuno si zathu." Bodza limeneli! Inde, lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001 ambiri anachotsedwa m'kaundula wa ovota, mantha aja ndikuwamvetsa. Koma malamulo oyendetsera dziko a 2013 anasintha zinthu. Gawo 43 likuti ngati munabadwira m'Zimbabwe malamulowa asanasindikizidwe, kholo lanu limodzi linali nzika ya dziko la SADC monga Malawi, Zambia kapena Mozambique, ndipo munkakhala kuno, ndinu nzika yobadwa nayo. Mwamva, amayi? Nzika! Chitupa cholembedwa ALIEN chija chimasinthidwa n'kukhala CIT, kutanthauza nzika. Tengani kalata yobadwira, pitani ku ofesi ya zitupa ku Makombe, kenako mukalembetse ku ZEC, bungwe loyendetsa zisankho. Agogo anu anamanga nawo mzinda uno, inu mumalipira madzi osatuluka, ndiye mudzitche mlendo? Vidiyoyi itumizeni pompano kwa amalume aja amakana zimenezi.

Tili pachingati? Chachinayi. Tulukani pafoni mukaonane. Mu April 2016 abusa Evan Mawarire anajambula vidiyo atakoleka mbendera m'khosi, #ThisFlag. Pa 6 July anthu anakhala kunyumba posonyeza kukwiya ndi boma, Harare inangoti zii. Abusawo atamangidwa, khamu linadzaza kukhoti ya Rotten Row. Koma mu January 2019 boma linatseka intaneti, ndiye dziwanani nkhope, dziwani nyumba ya mnzanu.

Chachisanu, musatumize mphekesera. Lamulo la za pa intaneti la Cyber and Data Protection Act la 2021 likhoza kukumangitsani, komanso mukanama kamodzi khansala sakumveraninso.

Sabata yamawa tidzakamba zoyenera kunyamula popita ku Makombe. Dinani kabelu kaja musaphonye.