Mphete za m'mankhwala ndi manambala a pa Google Scholar

[Pa tebulo pali botolo la tonic water, kapaketi ka LA, kapu ya tiyi ndi katochi ka UV]

Moni abale anga kuno ku Joni ndi inu muli kumudzi, mwaswera bwanji. Lamulungu lapitali titangotuluka mu tchalitchi ku Rosettenville ankolo ena anandikokera pambali nkundionetsa foni, ati mphwanga iwe paja umagwira mu labu, mwana wanga wamkaziyu akufuna kupanga Masters ya chemistry ndiye pali maprofesa awiri onse a heterocyclic synthesis, wina nambala yake pa Google Scholar, tsamba lija la pa intaneti loonetsa mapepala a akatswiri, ndi yaikulu wina yaing'ono, ndiye wa nambala yaikuluyo ndiye katswiri eti? Ndinawayankha mothamanga chifukwa ma taxi amadzaza, koma funsolo landikhala mu mtima sabata yonse, nde lero ndati ndiliyankhe bwinobwino.

Tiyambe ndi dzina lovutalo kaye.

[Akujambula mphete ya ngodya 6 pa pepala]

Ma atomu akamalumikizana nthawi zina amagwirana mozungulira ngati ana akusewera pabwalo, ife timati mphete. Iyi ndajambulayi ngodya zonse 6 ndi kaboni, dzina lake benzene. Tsono ndifufute kaboni mmodzi apa ndiikepo naitirojeni, basi yasanduka pyridine, ndipo imeneyo ndiye heterocycle, mphete yoti mwalowa mlendo. Mlendoyo amatha kukhala naitirojeni, okosijeni kapena salufa. Kusintha kwake kukuoneka kochepa pa pepala koma mu labu ndi chinthu china kwatunthu, pyridine munthu akangotsegula botolo mumadziwira ku khomo, fungo lake ngati usipa woti wavundira mu jumbo, limakakamira mpaka mu malaya.

Dikirani ndithimitse getsi muone ichi.

[Mdima. Tochi yawalitsa botolo, madzi akuwala buluu]

Mwaona? Chikuwalacho ndi kwinini, yemwe uja wa malungo, mu tonic water amaikamo pang'ono chabe kuti aziwawa, musati mukamwe ngati mankhwala ayi. Mkati mwa kwinini muli mphete ziwiri zomatana zotchedwa quinoline. Anthu awiri a ku France, Pelletier ndi Caventou, anamupatula ku khungwa la mtengo wa cinchona mu 1820, ndipo mphete yomweyo ndi imene Hans Andersag anamangirapo chloroquine ku Germany mu 1934. Amene tinakula nthawi ya chloroquine tikukumbuka kuwawa kwake ndi kuyabwa kuja, usiku onse ukudzikanda osagona. Tizilombo ta malungo titayamba kupima mphamvu, Malawi inali dziko loyamba mu Africa kumusiya mu 1993 nkutenga Fansidar, kenako 2007 kunabwera LA ali apayu, ndipo onsewa mukawajambula mupezamo mphete zokhala ndi mlendo. Tiyi wa ku Thyolo uyu caffeine wake ndi mphete, chikonga cha mu fodya amene makolo athu amalima ku Kasungu muli pyridine yemwe ndajambula uja, ma ARV a TLD onse atatu ali ndi mphete, isoniazid wa TB chimodzimodzi. Mu 2014 gulu la Jon Njardarson ku University of Arizona linawerenga mankhwala a ma molekyulu ang'onoang'ono ovomerezeka ku America nkupeza kuti 59 pa 100 aliwonse ali ndi mphete ya naitirojeni. Ndiye ankolo, mwana wanu wasankha phunziro la nzeru, pamenepo musadandaule.

Synthesis ndiye kumanga mpheteyo ndi manja ako mu labu. Njira zina ndi zakale kwambiri koma tikuzigwiritsabe, Skraup anapeza yopangira quinoline mu 1880, Fischer ya mphete ina yotchedwa indole mu 1883. Koma ntchito yake abale ndi yodya mtima. Umasakaniza zinthu mu kabotolo, kuika pa moto wamagetsi kuti zitakasike usiku onse, m'mawa ukudontheza kadontho pa kapepala koyezera kotchedwa TLC nkukaika pansi pa UV kuti uone ngati patuluka kadontho katsopano, ukaona madontho asanu m'malo mwa kamodzi umadziwa kuti lero tsiku lonse uli pa column, chubu cha galasi cholekanitsira zinthu zosakanikirana, kupatula. Ine ndinakhalapo masabata atatu pa chinthu chimodzi, tsiku limene zinayamba kuyenda magetsi anathima pakati pausiku, ndinapeza mu botolo muli phala lakuda ngati phula. Nditabwereza ndinapeza kaufa koyera kosadzaza ngakhale nsonga ya supuni, ndipo ndinasangalala ngati ndalandira malipiro. Mu pepala la kafukufuku masabata atatu amenewo amangokhala mzere umodzi mu tebulo.

Tsopano manambala aja. Ukamaliza umalemba pepala nkutumiza ku journal, akatswiri ena amaliunika, likatuluka ndiye munthu wina kwinakwake akaligwiritsa ntchito amalitchula kumapeto kwa pepala lake, kutchulidwa kumeneko ndiye citation imodzi. Kuwerenga zimenezi mwadongosolo anayambitsa ndi Eugene Garfield, Science Citation Index yake inatuluka mu 1964. Nambala imene ankolo amandionetsa ija ndi h-index, anaiganiza ndi Jorge Hirsch mu 2005, munthu wa physics ku San Diego. Mmene imayendera: munthu akakhala ndi h ya 20 ndiye kuti ali ndi mapepala 20 oti lililonse latchulidwa kosachepera ka 20. Ndiye tiyerekeze munthu walemba pepala limodzi lokha koma latchulidwa ka 3000, h yake ndi 1 basi. Mwaona pamene payambira vuto.

Ine sindikunena kuti nambalayi ndi yabodza. Alan Katritzky, mkulu wa ma heterocycle amene anagwira zaka zambiri ku University of Florida mpaka kumwalira mu 2014, analemba mapepala opitirira 2000, ndipo anthu amamutchula chifukwa ntchito yake inawathandizadi. Koma nambala ili ndi zizolowezi zake zimene muyenera kuzidziwa. Simatsika, imangokwera ndi zaka, ndiye profesa wa zaka 60 amene anasiya kulowa mu labu kalekale adzaposabe mayi wa zaka 38 amene pano ndiye akupanga zinthu zamoto. Komanso imakonda anthu opeza njira kuposa opeza mankhwala. Chitsanzo, mu 2002 magulu a Morten Meldal ndi Barry Sharpless anaonetsa kuti ndi chitsulo cha kopa ukhoza kumanga kamphete kotchedwa triazole mosavuta, ija amati click chemistry, inawapatsa Nobel mu 2022 pamodzi ndi Carolyn Bertozzi, ndiye aliyense padziko amene wagwiritsa njirayo amawatchula, ma citation amangogwa ngati mvula ya Januwale. Pamene wina amene wakakamira kwa zaka zambiri pa kamolekyulu kamodzi ka malungo, kusintha atomu apa kuyesa, kusintha apo kuyesa, mapepala ake amatuluka ochepa, zina zimakathera mu patent, ndipo omutchula ndi anthu a malungo okhaokha amene sachuluka ngati a khansa.

Chimene chimandiwawa ine ndi china. Kuno ku South Africa boma limapereka ndalama ku yunivesite malinga ndi mapepala otuluka mu ma journal ovomerezeka, cholinga chake chabwino, koma zimakopa ena kuduladula ntchito imodzi nkukhala timapepala tinayi, kusintha kagulu kamodzi pa mphete yomweyo nkulembanso, kenako kumadzitchula okha pepala lililonse. Wovutika ndi mwana wa sukulu amene wakhala zaka ziwiri akupanga zinthu makumi atatu zofanana osaphunzira njira yatsopano ngakhale imodzi. Nchifukwa chake ine ndimayang'ananso rating ya NRF, bungwe la boma loona za kafukufuku kuno, ija yoika akatswiri m'magulu A, B, C, P ndi Y, chifukwa kumeneko akatswiri anzake amakhala pansi nkuwerenga ntchito ya munthu ya zaka 8 zapitazi.

Ndipo pali munthu amene ndimafuna ana athu amudziwe, Kelly Chibale, mnansi wathu wa ku Zambia, amene anayambitsa H3D, malo ofufuzira mankhwala atsopano, ku University of Cape Town. Gulu lake pamodzi ndi Medicines for Malaria Venture linalengeza mu 2012 kamolekyulu kotchedwa MMV390048, ndipo pakati pake pali pyridine yemweyu wonunkha usipa uja, atamuveka zina ndi zina. Sikanafike mu zipatala ngati LA, koma kanachoka pa benchi ya labu ya mu Africa mpaka kukayesedwa pa anthu, zimene ma molekyulu ambiri opangidwa padziko safikako nkomwe. Ulendo ngati umenewo pa tsamba la Google Scholar simungauone pokhapokha mutatsegula mapepalawo nkuwerenga.

[Akutembenuzira foni ku kamera]

Ndiye achemwali, mukatsegula tsamba la profesa, kumanja kuli mizere iwiri ya manambala, wina wa moyo wake onse wina wa zaka zisanu zapitazi, yang'anani wachiwiriwo. Sanjani mapepala potsata chaka muone atsopano, muone ngati maina a ana asukulu ake ali kutsogolo, ndipo muone ngati omutchula ndi anthu a kwina kapena ndi iye yemwe. Mukatero mupite ku labu komweko, kaya ndi ku yunivesite ya Wits ku Braamfontein kaya ya UJ ku Auckland Park, mukapeze ana ake asukulu nthawi ya lanchi profesa palibe, muwafunse kuti makina a NMR, oonera mmene molekyulu yamangidwira, amadikira masiku angati, bursary imabwera nthawi yake kapena ayi, ndipo amene anayamba zaka ziwiri zapitazo amaliza liti.

Ankolo, Lamulungu likubwerali mubwere naye mwanayo ndi laputopu yake, tikatuluka tikhale pa benchi ija ya panja titsegule mapepala atatu atatu a maprofesa onse awiri, data ndibweretsa ine.