Musanakoloweke ngolo kumbuyo kwa pikapu, onani kaye karata yanu ndi livrete

Zikomo amfumu, zikomo anyakwawa, amayi ndi abambo nonse amene mwabwera. Anyamata muli kumbuyoko sunthirani kuno, nkhaniyi ndi yanu kwambiri chifukwa ndinu amene mumagwira chiwongolero. Nyengo yogulitsa yafika, mbatatesi zikukumbidwa, chimanga ndi soya zili kale m'matumba, ndiye aliyense amene ali ndi pikapu kuno ku Angónia akuganiza zokoloweka ngolo kumbuyo kuti katundu wa maulendo awiri afike ku Tete ulendo umodzi. Maganizowo ndi abwino, mafuta ndi odula, ine sindikuletsani ayi. Chomwe ndabwerera ndi chakuti ambiri mukukoka ngolo zimene karata yanu yoyendetsera galimoto sikulolani, ndipo simukudziwa nkomwe.

Lamulo lathu la pamsewu, Código da Estrada la 2011, linagawa makarata potengera kulemera kwa galimoto, ndipo amene amapereka makaratawo ndi a INATRO, aja kale tinkati INATTER. Ambiri muno muli ndi B, ija timati ya lijeyiru. B ndi ya galimoto yosapitirira makilo 3,500 ikadzaza, mipando yosaposa 9 kuphatikizapo wa dalaivala. Ndi B yomweyo mutha kukoka ngolo, inde, koma ya makilo 750 basi. Tsono apa ndi pamene anthu amasokonezeka, 750 imeneyo si ya katundu yekha, ndi ngolo yeniyeniyo pamodzi ndi katundu wake. Ngati ngolo yanu ili yopanda kanthu imalemera 250, mwatsala ndi 500, amenewo ndi matumba 10 a makilo 50, mwamva? Khumi okha. Nanga inu mumakweza angati? Ndikuona ena mukusekerera uko, mukudziwa.

Pali kampata kamodzi komwe lamulo linasiya. Ngolo itha kuposa 750 inu muli ndi B, pokhapokha zinthu ziwiri zikwanire nthawi imodzi: ngoloyo ikadzaza isalemere kuposa galimoto yanu ili yopanda kanthu, komanso mukaphatikiza galimoto yodzaza ndi ngolo yodzaza zisadutse 3,500. Manambala amenewa simuchita kuganizira m'mutu, alembedwa mu livrete, lija pepala la galimoto yanu. Tsegulani mupeza pamene alemba tara, ndiko kulemera kwa galimoto ili yokha, ndi pamene alemba peso bruto, ndiwo malire ake ikasenza. Tiyeni tiwerengere limodzi. Galimoto yaing'ono, tara 1,400, peso bruto 2,000, ngolo ya 1,200. Kuphatikiza zikukwana 3,200, ndipo ngoloyo ndi yopepuka kuposa tara, ndiye B ikukwanira. Tsopano tengani pikapu yolembedwa 2,800, ngolo yomweyo ya 1,200, zakwana 4,000, mwadutsa kale, pamenepo pakufunika BE, ndiyo B yowonjezera chilembo E cha ngolo yolemera. Taonani, mwini galimoto yaikulu yamphamvu uja ndi amene akugwa msanga m'mlandu kuposa wa yaing'ono, ndipo ambiri a mapikapu sakhulupirira mpaka atawerengera okha.

Abambo awo akufunsa kuti nanga ngolo ikakhala yopanda katundu? Funso labwino kwambiri bambo. Pa nkhani ya karata chimene chimawerengedwa ndi peso bruto ya ngoloyo, kutanthauza kulemera kumene inapangidwira kunyamula, osati zimene mwakweza lero. Ndiye kunena kuti bwana muli mbuzi ziwiri zokha mmenemu sikungakuthandizeni. Ndipo ngolo zathu zambiri ndi zowotcherera kuno komweko pa ekiselo ya galimoto yakufa, palibe kachitsulo kolembapo kulemera, palibe pepala, mwini wake sadziwa kuti imalemera bwanji. Ameneyo ndikumupempha apite nayo pa sikelo akayeze, kenako akafunse ku INATRO za mapepala ake asanayambe nayo ulendo wautali.

Ena mumaganiza kuti zonsezi ndi njira yodyera ndalama zathu. Mverani apa. Ulongwe ali pamwamba, mamita oposa 1,000, pomwe mzinda wa Tete uli pansi m'chigwa cha Zambezi, sufika ndi 200 omwe. Mukachoka kuno kudzera Mussacama kulowera ku Moatize, ulendo wake ndi wotsetsereka, ndipo pa mtsetse ngolo siikokedwa, ndi imene imakankha galimoto, ngati mmene ngolo ya ng'ombe imakankhira goli pakhosi pa ng'ombe potsikira kudambo. Mabuleki a pikapu anapangidwira pikapuyo ndi katundu wake, ndiye mukawonjezera tani yathunthu kumbuyo, ngoloyo ilibe mabuleki akeake, inu phazi lili pa buleki mtunda wonse, kunja nako ku Moatize kukutentha madigiri 40 mwezi wa October, mabuleki aja amapsa, mumayamba kumva fungo, mukaponda phazi limangolowa galimoto osaima. Potsetsereka lowetsani giya yaing'ono musanayambe kutsika, injini ndi imene igwire galimoto, buleki muzingothandizira pang'onopang'ono. Ngolo iliyonse yolemera ikhale ndi mabuleki ake, ine pamenepa sindinyengerera munthu.

Kapakiridwe nako. Matumba olemera aikidwe pamwamba pa ekiselo ndi kutsogolo pang'ono, kuti mphuno ya ngolo izipanikiza pa chokokera. Mukaunjika kumbuyo, mphunoyo imanyamuka, matayala akumbuyo a galimoto amapepuka, mukangothamanga pang'ono ngolo imayamba kugwedezeka uku ndi uku ndipo kugwedezekako kumakula kokha. Zikatero musaponde buleki mwamphamvu, musalimbanenso ndi chiwongolero, chotsani phazi pa mafuta, gwirani chiwongolero chilunjike mpaka liwiro litsike. Tcheni chachitetezo chimangidwe, magetsi akumbuyo ndi ma indiketa aziyaka, chifukwa wanjinga kapena wa mota amene ali pambuyo panu usiku saona ngolo yakuda. Ndipo amayi, chonde, musalole kukwezedwa pamwamba pa matumba mu ngolo, ngakhale dalaivala akhale mlamu wanu.

Kwa anyamata amene mukulota zoyendetsa magalimoto akuluakulu aja amadutsa pa mlatho wa Kassuende umene unatsegulidwa 2014, njira yake ili chonchi. Galimoto yoposa 3,500 mpaka 16,000 ndi C1, yoposa pamenepo ndi C. Zonsezi ngolo yake ndi yaing'ono yomwe ija. Mukafuna kukoka thirela yeniyeni pafunika chilembo E, ndiye C1E kapena CE, ndipo wonyamula katundu ngati ntchito amawonjezera G, wa shapa ndi basi P, wa katundu woopsa ngati mafuta D. Ubwino wake magulu a kulemerawa ndi ofanana ndi a anzathu mu SADC, ndiye mukawoloka pa Zóbue kapena pa Calómue kulowa Malawi, wapolisi wa kumeneko akayang'ana karata yanu adziwa yekha kuti E palibe. Pa sikelo za pamsewu nazo sayeza kulemera konse kokha, amayeza ekiselo iliyonse payokha, ndiye utha kukhala m'malire koma n'kulipira multa, ndiye chindapusa, chifukwa katundu waunjikana mbali imodzi.

Chimene chimandiwawa ine ndi chakuti multa ndi yaing'ono poyerekeza ndi zimene zimachitika ngozi ikagwa. Mwagunda munthu muli ndi ngolo imene karata yanu siikuloleza, a seguru, aja a inshuwalansi, atha kukana kulipira, mlandu wonse ugwera inu ndi banja lanu, ndalama za mbewu za chaka chonse zithera pamenepo, ndipo wovulalayo mwina ndi mwana wa m'mudzi momwe muno.

Kuwonjezera E sikuyambiranso pachiyambi. Mumapita ku sukulu yoyendetsa galimoto ndi karata yanu yomweyo, mukanene kuti mukufuna averbamento, akuphunzitsani kubwerera m'mbuyo ndi ngolo, kukhota motakasuka, kumanga ndi kumasula, kenako mayeso. Amene mwabwera ndi livrete lero musachoke, khalani pansi pa mtengo apo tiwerengere limodzi galimoto imodziimodzi. Amfumu, ngati alipo ena a mafunso ayambe amayi.