Mawu a M'mawa: Kasatayike Kanthu

Mwadzuka bwanji, abale ndi alongo mwa Ambuye? Mawu athu a lero ali pa Yohane 6:12: "Sonkhanitsani makombo kuti kasatayike kanthu."

Amuna 5,000 anali atadya mpaka kukhuta, kuchokera pa mikate isanu ndi tinsomba tiwiri ta kamnyamata. Aliyense akanatha kungonyamuka pa udzu paja n'kumapita. Koma Yesu analamula ophunzira ake kuti awerame, atole zonyemanyema zomwe anthu anasiya, ndipo zinadzaza mitanga 12. Iye amene angachulukitse mkate nthawi iliyonse yomwe wafuna, makombo ankawafunira chiyani?

Ndikufuna tiganizire funso limeneli poyang'ana moyo wa mmisiri wina wa zojambula ndi zosema, Eduardo Paolozzi. Anabadwa mu 1924 ku Leith, mbali ya kudoko ya mzinda wa Edinburgh ku Scotland. Makolo ake anali ochokera ku Italy, ndipo ankadya thukuta lawo pogulitsa ayisikilimu m'kashopu kawo. Mu June 1940, Italy italowa nkhondo yolimbana ndi Britain, zinthu zinatembenuka usiku umodzi. Makamu a anthu anaswa mashopu a Ataliyana ku Edinburgh, amuna a mtundu umenewu anagwidwa, ndipo Eduardo, mnyamata wa zaka 16, anatsekeredwa miyezi itatu m'ndende ya Saughton popanda chomwe analakwa. Ali m'katimo, bambo ake, agogo ake aamuna ndi mbale wina wa makolo ake anakwezedwa sitima ya Arandora Star yopita ku Canada. Pa 2 July 1940 sitima yankhondo ya pansi pa madzi ya Germany inaiphulitsa. Anthu pafupifupi 800 anamira, ndipo atatu onsewo anali momwemo. Abale athu omwe anaonapo malonda awo akuwonongedwa m'dziko la eni chifukwa chongokhala obwera akudziwa kuwawa kwake.

Mnyamata uja anatuluka m'ndende wamasiye. Pambuyo pake anakaphunzira luso ku sukulu ya zaluso ya Slade mu London, ndipo mu 1947 anapita ku Paris. Kumeneko ankatolera magazini a ku America omwe asilikali akale a dzikolo anali atawerenga n'kuthana nawo. Ankatenga sizasi n'kumadula: apa mkazi wa pachikuto, apo botolo la Coca-Cola, apo ndege yankhondo, apo chidutswa cha chakudya cha pa malonda, apo mfuti ikutulutsa utsi wolembedwa "POP!". Zonsezi anazimata pa katoni imodzi. Luso limeneli amalitcha collage. Chithunzi chimenecho, chomwe lero chimasungidwa ndi Tate, bungwe losunga ndi kuonetsa zaluso ku Britain, ambiri amachiwerenga ngati chimodzi cha zoyambirira za pop art, luso logwiritsa ntchito zithunzi za pa malonda ndi zinthu zotchuka za tsiku ndi tsiku. Mu 1952 anaonetsa zomatamata zakezo kwa anzake a gulu la amisiri a zaluso lotchedwa Independent Group ku London, pa nthawi yomwe anthu ophunzira ankaona magazini otere ngati zinyalala.

Mukayang'anitsitsa ntchito ya mtundu uwu, chimene chimandigwira mtima ine n'chakuti modula monse mumaoneka. Mmisiri sabisa kuti pepalali linang'ambidwa kwina. Mphepete mwake muli pomwepo, utoto wa chidutswa china sukugwirizana ndi wa chinzake, komabe zikakhala pamodzi m'dzanja la wodziwa, zimanena chinthu chomwe palibe chidutswa chikanachinena pachokha.

Ambirife timapemphera kuti Mulungu afufute zaka zina za moyo wathu. Chaka chomwe banja linatha. Miyezi yomwe munagona m'chipatala bizinesi n'kugwa. Sukulu yomwe munalekera panjira chifukwa cha fizi. Tsiku lomwe munaika mwana m'manda. Timati amenewo ndi makombo, tiwasiye pa udzu tizipita. Koma Yesu atauka kwa akufa sanabwere ndi manja osalala. Anauza Tomasi kuti abwere ndi chala chake aone manja aja, aike dzanja m'nthiti mwake. Zipsera zinalipo, ndipo ndi zomwezo zinachititsa Tomasi kufuula kuti, "Ambuye wanga ndi Mulungu wanga."

Ndimveni bwino pamenepa, chifukwa pali olira pagulu lino. Sindikunena kuti kumira kwa anthu aja kunali kwabwino poti mwana wa mmodzi wa iwo anadzatchuka. Ayi. Choipa ndi choipa, ndipo ulemu wa "Sir" womwe Paolozzi analandira mu 1989 sunabweze bambo ake. Chomwe ndikunena n'chakuti Mulungu sanyansidwa kuwerama n'kutola chomwe chinasweka, ndipo chikalowa mu mtanga wake sichikhalanso chotayika.

Paolozzi anagwira ntchito ndi zidutswa moyo wake wonse. Anthu odutsa pa siteshoni ya sitima za pansi ya Tottenham Court Road ku London amaona makoma omwe anawakongoletsa m'zaka za m'ma 1980 ndi timatailosi tating'onoting'ono tambirimbiri ta mitundu yosiyanasiyana. Kwawo ku Edinburgh, pafupi ndi tchalitchi cha Katolika cha St Mary's, pali chosema chake cha mu 1991 chotchedwa The Manuscript of Monte Cassino, dzina la dera la ku Italy komwe makolo ake anachokera. Si munthu wathunthu ayi. Ndi phazi lalikulu, kakolo ndi dzanja lotambasula, chilichonse payekha. Sanayese kuzilumikiza kuti zioneke ngati palibe chinachitika. Anadwala sitiroko mu 2001, ndipo anamwalira ku London mu April 2005 ali ndi zaka 81.

Musanatuluke m'nyumba lero, tchulani pamaso pa Mulungu chinthu chimodzi chomwe mwakhala mukuchita nacho manyazi kapena kuopa kuchikumbukira. Musachikometse, chineneni momwe chinachitikira.

Tipemphere. Atate, mukudziwa zomwe zinang'ambika mwa aliyense wowerenga mawu awa. Tikuzibweretsa kwa Inu momwe zilili. Kumbukirani amasiye, omwe ali m'ndende popanda mlandu, ndi abale athu omwe akukhala mwamantha m'mayiko a eni. Apatseni munthu wowaima nawo lero, ndipo mukafuna kutuma ife, tipatseni mtima wovomera. M'dzina la Yesu Khristu, Ameni.