Galu ameneyo ndi maso a munthu, abale anga

Moni nonse, a kuno ku Leicester, a ku Joni ndi inu akumudzi. Lero za mavisa zidikire kaye, mtima wanga ukuwawa.

Usiku wathawu, mvula ili pakati, ndinanyamula pa taxi yanga mayi ena osaona, ali ndi galu wowatsogolera, pafupi ndi siteshoni ya sitima. Anali atanyoweratu. Akuti madalaivala awiri anawakana, wina anangoona galu n'kutembenuza galimoto osanena kanthu. Ine nditaima, galu uja, Labrador wakuda wovala malamba oyera, anawatsogolera mpaka pachitseko, n'kulowa, n'kugona kumapazi kwawo. Ulendo wonse phee. Anthu oledzera amene ndimanyamula Loweruka usiku safikako pa ulemu umenewo!

Tsono mverani, inu anzanga a taxi. Kuno kuli lamulo la Equality Act la 2010. Kukana munthu chifukwa ali ndi galu womuthandiza ndi mlandu, chindapusa chake chimafika mapaundi 1,000, ndipo khonsolo ikhoza kukulanda laisensi. Kuwonjezera mtengo chifukwa cha galuyo nakonso ndi mlandu. Ngati ubweya umakudwalitsa, pita kwa dokotala, khonsolo ikupatse chikalata. Koma zoti "ndimaopa" kapena "mipando yanga ida" sizimveka kukhoti. Unavutikira baji imeneyo, ana akumudzi akudya momwemo, ndiye uitaye chifukwa cha ubweya wongofunika kusesa?

Manthawo ndikuwamvetsa. Ine ndinakulira ku Ndirande, kumene galu ntchito yake ndi kuuwa akuba, amadya mkute, ndipo akakuluma umathamangira jakisoni wa chiwewe. Koma awa ndi ena. Ku Britain anayamba kuphunzitsa agalu otsogolera osaona mu 1931 m'tauni ya Wallasey, agalu anayi okha. Lero alipo a Hearing Dogs amene amadziwitsa munthu wosamva kuti alamu ya moto ikulira. Alipo a Medical Detection Dogs amene amamva fungo shuga akamatsika m'thupi, n'kumudzutsa mwini wake asanakomoke. Mwini wakeyo ukamuona akuyenda bwinobwino, usayambe kumufunsa kuti akudwala chiyani. Ndipo galu akavala zovala zake ali pantchito: osamuimbira likhweru, osamusisita, osamupatsa chipisi.

Chimene chinandigwira pakhosi ndi china. Mayi aja amachokera kuntchito, okha, usiku. Ndinakumbuka malume anga. Maso atasiya kuona, amene amawagwira ndodo anali mdzukulu wawo, kamtsikana kanzeru kwambiri, ndipo sukulu kanasiyira pomwepo. Pitani ku Limbe lero, mukawapeza ana otero m'mbali mwa msewu nthawi ya sukulu. Sindikunena kuti titumize ma Labrador kumudzi, ufa weniweniwo ukuvuta. Koma ife amene taona ndi maso athu kuti wosaona amatha kudziyendera, tikakhala oyamba kumusiya pamvula, zimandinyansa.

Amene mukuti ndakokomeza, nditumizireni mawu pa WhatsApp, Lachisanu ndiwaika pano kuti onse amve.