Gawo 14: Amayi anandifunsa kuti ndine mwana wa ndani

Moni nonse amene mukumvera, kaya muli ku Joni, ku Dublin, kaya kumudzi komweko. Ndikujambula ndili m'khitchini muno mu Leeds, ndangoweruka kumene ku naiti, ndiye mukamva mawu asasa mundikhululukire. Lero za mavisa ndi za lendi tiziike pambali. Sabata ino chatha chaka amayi atatisiya, ndipo ndikufuna ndikambe za iwo.

Amayi anga anali mayi wa Mvano ku Chiradzulu. Zidzukulu zawo zisanu ndi ziwiri ankadziwa tsiku limene aliyense anabadwa, ngakhale mvula imene inagwa tsikulo, osalemba paliponse. Futali wawo ankamveka fungo uli kumsewu. Munthu woteroyo ndi amene anayamba kuthira mchere kawiri m'ndiwo. Ndalama zimene ndinkatumiza pa Mukuru ankazibisa m'thumba la ufa, mawa lake n'kumalira kuti mdzukulu waba. Tonse tinkangoti ndi ukalamba.

Kenako anayamba kutuluka usiku. Tsiku lina anthu olawirira kudimba anawapeza m'bandakucha pafupi ndi manda, atangomanga chitenje, sakudziwa njira yobwerera. Amene munakulira kumudzi mukudziwa kale zomwe zinayamba kunenedwa: agogo aja ndege yawagwetsa. Mng'ono wanga anandiimbira akunjenjemera. Tonse tinkakumbukira za ku Neno mu January 2016, pomwe okalamba anayi anaphedwa powaganizira ufiti mphenzi itapha mtsikana. Lamulo loletsa kunena munthu kuti ndi mfiti lilipo kuyambira 1911, koma gulu likakwiya pakhomo pako, lamulo limakhala kutali.

Ine n'kuti nditabwera kuno mu 2022, chaka chimene Britain inatsegula visa ya osamalira okalamba. Sabata yoyamba anatikhazika m'kalasi kutiphunzitsa za dementia. Mphunzitsi akufotokoza: si ukalamba chabe, ndi matenda owononga ubongo, ndipo mtundu wofala kwambiri ndi wa Alzheimer's. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu oposa 55 miliyoni padziko ali nawo, ambiri mwa iwo m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene. Atayamba kutchula zizindikiro, kubisa zinthu, kunamizira achibale kuba, kusochera pamalo pomwe wakhala moyo wonse, ine ndinkangoona amayi. Ndinatuluka kukalira kubafa. Matenda a mayi anga ali ndi dzina, ndipo ndalimva kwa azungu ndili ndi zaka 41.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandiwawabe, ndipo ndichinene kuti wina asachite ngati ine. Pa WhatsApp amayi ankakonda kundifunsa kuti, "Kodi abambo ako abwera liti ku Theba?" Abambo anabwerako kumigodi ndili wamng'ono, ndipo anamwalira kalekale. Ine, poganiza kuti ndikuwathandiza, ndinkati, "Amayi, abambo paja anamwalira." Ankabuma ngati uthenga wafika lero. Ndinachita zimenezi katatu. Katatu ndinawaikira maliro a mwamuna wawo m'nyumba, ine n'kudula foni kupita kuntchito, kumusiyira mng'ono wanga kuti atonthoze.

Kuno anatiphunzitsa kuti usakangane naye munthu wotere. Dzuwa likamapendeka, okalamba ambiri amene ndimawasamala amatenga zikwama, akuti akukatenga ana kusukulu, ana omwe pano ali ndi imvi. Suwauza kuti akunama. Umawafunsa mayina a anawo, n'kuyenda nawo pang'ono m'khonde mpaka mtima ukhale pansi. Ndinayesa zomwezo kwa amayi. "Mwawasowa eti? Tandiuzani, anakubweretserani chiyani ulendo uja?" Eee, nkhani yake! Wailesi, bulangeti lolemera, njinga imene mudzi wonse unkabwereka. Anaseka mpaka kutsokomola.

Ndinenenso za mng'ono wanga, chifukwa ife a kunja timakonda kudzitama ndi ndalama zomwe timatumiza. Ine ndimasambitsa amayi a eni ake, ndili ndi magolovesi, makina onyamulira wodwala, ndipo ola lililonse amandilipira. Ikakwana nthawi ndimaweruka. Iye ankasambitsa amayi ndi madzi otunga yekha kumjigo, kuchapa zofunda tsiku ndi tsiku, kugona pakhomo kuti asatuluke, kwinaku akutukwanidwa kuti ndi wakuba ndi mayi ake omubereka. Sanawerukepo. Ngati muli ndi wina kumudzi amene akusenza zotere, mukaimba foni musangofunsa za wodwala, mufunseninso iye ngati wagona.

Maliro ndinaonera pafoni, m'kachipinda kopumira kuntchito, netiweki ikudukaduka. Ndinangoona mabulauzi oyera a amayi a Mvano atazungulira bokosi. Za tsikulo sindinafike poti ndingakambe zambiri.

Zomwe ndimagwira ndi ulendo wanga womaliza, mu December 2023. Ndinadzera ku Addis Ababa, kutsikira ku Chileka, kufika kumudzi dzuwa litapendeka. Amayi anali pamkeka pakhonde. Ndinagwada, n'kuwapatsa moni. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anauza kamdzukulu kuti kagwire nkhuku, kwabwera mlendo. Dzina langa linali litapita, koma ulemu wa mlendo unalipobe. Madzulo nditayamba nyimbo ya kutchalitchi, anailandira ndi kuimba ndime zonse osaphonya liwu, pomwe ine ndinathera pa ndime yachiwiri.

Titamaliza anandigwira dzanja. "Kodi mayi, ndinu mwana wa ndani?"

Nthawi imeneyi ndinali nditaphunzira. Ndinangoti, "Ndachokera ku Mangalande, amayi."

Nkhope yawo inawala. "Ndili ndi mwana wanga kumeneko, amasamala nkhalamba. Mukakamuona mukamuuze azivala juzi, akuti kumazizira."

Ndinawalonjeza kuti ndikamuuza.

Tionana sabata yamawa. Amene munatumiza mafunso a zosintha kampani yokupatsani visa, ndidzayankha gawo likudzalo.