Makalata a omvera: kalata yochokera ku Angónia

Moni nonse omvera, kaya muli pamkeka mukukonola chimanga, kaya muli m'minibasi pobwerera kunyumba. Sabata yatha tinakamba za mabanja amene mipingo imawatuma kunja kukathandiza kumanga matchalitchi, ndiye makalata abwera mulu. Ndiyamba ndi aafupi, chifukwa pali imodzi imene yandisowetsa tulo.

Bambo wina wa ku Mponela akufunsa ngati mmishonale amayenera kukhala mzungu basi. Iyayi bambo. William Koyi anafika kuno mu 1876 kuchokera ku Lovedale, ku South Africa, munthu wakuda ngati inu ndi ine, ndipo ndi amene anathandiza kutsegula njira yolalikira pakati pa Angoni a kumpoto.

Mnyamata wa ku Balaka akuti ndi kalipentala ndipo akufuna kutumidwa kunja. Achimwene, yambani mwakhoma chitseko cha tchalitchi chanu chomwe mwanena nokha kuti chikulendewera pa hinjesi imodzi. Akuluakulu a mpingo akaona zimenezo, dzina lanu salisowa.

Tsopano tamverani iyi. Ndiiwerenga pang'onopang'ono.

"Zikomo awulutsi. Ine ndine mayi wa ana atatu, kwathu ndi ku Dedza, koma ndikulemba ndili ku Angónia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Bambo a kunyumba ndi mmisiri womanga. Mpingo wathu unatipempherera n'kutituma kuno kuti tizithandiza mipingo ya kumidzi kumanga nyumba zopemphereramo, ndipo chino n'chaka chachitatu. Tikamaliza pamudzi wina timamanga katundu kupita pena. Chilankhulo sichivuta poti anthu kuno amalankhula ngati ife, koma kusukulu ana anakumana ndi Chipwitikizi, moti woyamba anabwereza kalasi. Ine ntchito yanga ndi kuphikira amisiri ndi kutunga madzi othira konkire. Thandizo lochokera kumpingo wathu limafika mochedwa, ndipo makwacha aja tikawasintha kukhala metical amatsala ochepa. Komabe abale kumudzi amati tili kunja, tikudya bwino, tiwatumizire feteleza.

"Chaka chatha pamudzi wina tinagwirizana kuti iwo aumbe njerwa ndi kututa mchenga, ife tibweretse luso ndi simenti. Poyamba anthu ankabwera. Itafika nthawi yokumba mbatatesi tinatsala anthu anayi. Malata anachedwa, mvula yoyamba inatipeza denga lisanakwere, ndipo khoma lakutsogolo linagwa usiku. M'mawa bambo anakakhala pa mulu wa njerwazo osayankhula mpaka dzuwa kufika pamutu. Wina podutsa anati, musadandaule, a mishoni agula zina. Mayi anga kumudzi akudwala. Funso langa ndi ili: kodi ndi tchimo kulakalaka kubwerera kwathu? Woitanidwa ndi bambo, nanga ine ndili pati?"

Mayi, choyamba pepani. Pepani kwambiri. Ndipo yankho la funso lanu ndi lalifupi: si tchimo. Munthu amene mayi ake ali gone pamphasa, iye ali tsidya lina la malire, akapanda kulakalaka kwawo ndiye tingadabwe. Kuchokera ku Ulónguè, tauni ya ku Angónia komweko, kukafika pachipata cha Dedza si ulendo wa masiku. Khalani pansi ndi bambo, muwauze mmene mwandiuzira inemu, ndipo mupite mukawaone mayi. Khoma lidikira. Amisiri aja aphike okha sabata ziwiri, nsima ya mibulu sinaphepo munthu.

Koma mawu anu akuti "nanga ine ndili pati" ndi amene andilasa. Tikamakamba mbiri ya mishoni timatchula abambo okhaokha. Aliyense amadziwa David Livingstone. Ndi angati akudziwa kuti mkazi wake, Mary, anamwalira ndi malungo mu 1862 ku Chupanga, m'mbali mwa Zambezi, m'dziko lomwe mulilo, ndipo manda ake ali komweko? Timatamanda Robert Laws pomanga Livingstonia pa Khondowe kuyambira mu 1894, koma mkazi wake Margaret anaika ana m'manda, n'kutsala ndi mmodzi yekha, Amelia. Amayi amenewa sanali katundu wonyamulidwa pa ulendo wa amuna awo. Inunso simuli katundu. Konkire imafuna kuthiridwa madzi masiku angapo kuti ilimbe, apo ayi imang'aluka, ndipo mmisiri aliyense amadziwa zimenezi. Ndiye amene mumasenza ndowa zija pamutu, mukuti simukumanga nawo? Amene anakuikani manja pa tsiku lokutumani anaika pa banja lonse, ndi ana omwe.

Apa mundilole ndilankhule ndi mpingo umene unawatuma, ngakhale mayiwa sanautchule dzina ndipo anachita bwino. Abusa, akulu a mpingo, amayi a m'bungwe: kutuma munthu si kumutaya. Munaimba nyimbo, munawaperekeza mpaka pa siteji, kenaka zii. Akristu a ku Filipi sanangomupempherera Paulo, anatuma Epafrodito ndi mphatso m'manja kuti akamuone. Inu mwalephera kutuma anthu awiri pa njinga yamoto, ndi kathumba ka ufa ndi mabuku a ana? Ndalama ya mwezi ikachedwa kuno kwathu, munthu amakakongola kwa mlamu wake. Kuchilendo akakongola kwa yani? Ndipo za sukulu ya ana zinayenera kukambidwa banjali lisanakwere galimoto, osati mwana atabwereza kale kalasi.

Abale a ku Dedza, inunso ndikupempheni. "Kunja" kumene mukunenako ndi kuseri kwa phiri lomwe mumaliona mukamalima. Si ku Joni. Mlongo wanu sakugwira ntchito ya malipiro a rand. M'malo momupempha feteleza, muimbireni foni mumuuze mmene mayi agonera.

Tsopano mawu aja akuti "a mishoni agula zina". Ndisanapitirire ndinene kuti sindikuloza chala abale athu a ku Mozambique. Anthu amenewa ndi ife tomwe. Nthawi ya nkhondo ya kwawo, imene inatha mu 1992, pafupifupi miliyoni imodzi anathawira kuno, tinkamwa nawo chitsime chimodzi ku Dedza, ku Ntcheu, ku Nsanje. Ndipo matenda amenewa ndi athu tonse, chifukwa pa makalata a sabata ino, asanu akudandaula chinthu chomwechi, onse ochokera kuno kwathu. Wina wa ku Salima akuti tchalitchi chawo chinaima pa mawindo zaka zinayi zapitazo, akudikira alendo amene analonjeza kubweranso. Wina wa ku Mulanje akuti chawo chinasasuka denga ndi namondwe Freddy mu 2023, ndipo mpaka lero akupempherera pansi pa mtengo, malata akale ali unjiunji kuseri, palibe wowawongola.

Abale anga, mlendo ndi mame. Amabweradi ndi kalumo kakuthwa, koma sakhala kuti azikumetani moyo wanu wonse. Pitani ku Blantyre mukaime patsogolo pa tchalitchi cha St Michael and All Angels. Anayamba kumanga mu 1888, n'kutsegulira mu 1891. David Clement Scott amene anatsogolera ntchitoyo sanaphunzire za mapulani a nyumba, ndipo omangawo anali anthu akuno amene anaphunzirira pa ntchito pomwepo. Njerwa anaumba ndi kuwotcha pamalopo, ndi dothi lathu lomweli. Taonaninso ku Mbombwe, ku Chiradzulu: John Chilembwe analandira anzake ochokera ku America, Landon Cheek ndi Emma DeLany, koma tchalitchi chachikulu cha njerwa chija chinamangidwa iwo atabwerera kale kwawo. Makolo athu analibe wilibala yokwanira, analibe foni yoitanira lole ya mchenga. Ife tili ndi zonsezi, koma tikuima m'mbali manja m'thumba kuonerera mlendo akuponda dothi.

Ine maganizo anga ndi akuti mmisiri wotumidwa asamayale njerwa ngakhale imodzi eni mudzi asanaunjike mchenga, miyala ndi njerwa zokwanira, ndiponso malata asanafike m'nyumba ya msungichuma. Ena anena kuti ndalimba mtima. Koma tchalitchi chimene munthu sanachikhetsere thukuta, chikadontha amangosuntha benchi. Ndipo bambo a ku Angónia, ngati mukumva, ndikudziwa kuti luso muli nalo kuposa ine, koma nthawi ina mukaona kuti Okutobala wafika denga lisanakwere, imani pa lintala, mufunditse pamwamba pa khoma, mudikire chilimwe. Khoma lalitali lopanda chomangirira silipirira mphepo ya mvula yoyamba. Musadziimbe mlandu kuti mwina Mulungu wakukanani. Komanso pamudzi uliwonse musiyepo anyamata awiri odziwa kugwira chingwe ndi levulo, kuti tsiku lomwe mudzabwerere ku Dedza ntchito isadzabwerere nanu.

Mayi, mutilemberenso mukakawaona mayi anu, mutiuze mmene akupezera. Mwana uja wabwereza kalasi mumuuze kuti akadzabwera kuno adzakhala akulankhula zilankhulo zitatu, anzake adzamusirira.

Nthawi yandithera, koma nditenge ziwiri mofulumira. Mayi wa ku Kasungu akufunsa ngati n'koyenera kuchita pepa sande mwezi uliwonse. Chitani, bola muziwerenga poyera ndalama zimene zalowa ndi matumba a simenti amene agulidwa, anthu satopa kupereka akamaona khoma likukwera. Bambo wa ku Ntchisi akuti komiti yawo yagawanika, ena akufuna njerwa zowotcha, ena mabuloko a simenti. Bambo, yang'anani phiri la kwanu, muwerenge mitengo imene yatsala, kenaka muwerenge mitengo imene uvuni umodzi umadya. Kalata ya agogo a ku Nkhotakota yofunsa za tchalitchi chachikulu cha pa Likoma ndayisunga, tidzayamba ndi imeneyo sabata ya mawa.