Makalata a Omvera: Kalimba mu Nyimbo ya ku London

Moni nonse omvera, kulikonse kumene muli. Makalata sabata ino achuluka, ndipo pafupifupi onse akukamba za nyimbo imodzi ija ndinaika Loweruka lapitali. Ochepa mwandithokoza, ambiri mwandidzudzula, koma zonse ndalandira ndi manja awiri.

Ndiyambe ndi bambo a ku Dedza, aphunzitsi opuma. Alemba kuti: "Nyimbo itangoyamba ndinamva kalimba, ngati ija ankaliza agogo anga pakhonde dzuwa likalowa. Ndinaika kapu ya tiyi pansi, misozi ili lengelenge. Mwadzidzidzi gitala inabangula mpaka galu wanga anathawa. Achimwene, azunguwa kalimba anaipeza kuti, nanga anaisakanizirani ndi phokoso lotere?"

Bambo, kalata yanuyi ndaiwerenga katatu. Makutu anu sanakunamizeni. Nyimbo ija ndi "Larks' Tongues in Aspic, Part One" ya gulu la ku London la King Crimson, ndipo inatuluka mu 1973. Woliza kalimba poyamba paja ndi Jamie Muir, munthu amene chilichonse kwa iye chinali choimbira: matcheni, zidutswa za malata, mawenzulo. Chimbale cha nyimboyi asanachione n'kutchuka komwe, mkuluyu anasiya gulu n'kukakhala kunyumba ya amonke achibuda ku Scotland.

Ena onse a m'gululi aliyense anabwera ndi katundu wake. David Cross anabwera ndi vayolini. Wang'oma, Bill Bruford, mtima wake unali pa jazi, moti mu 1972 anachoka m'gulu la Yes pamene ndalama zinali zitayamba kulowa. Mwini gulu, Robert Fripp, ankakonda nyimbo za classical za Bartók, wopeka nyimbo wa ku Hungary, ndipo gitala yoopseza agalu ija ndi yake. Rock, jazi ndi nyimbo za classical zikaphikidwa mumphika umodzi chonchi, ndiye progressive rock imeneyo.

Tsono phokoso lija, bambo, n'ladala. Kalimba imalira motsitsa mpaka inu musendere pafupi ndi wailesi, kenako vayolini iyambe kucheka pang'onopang'ono, mtima uli m'mwamba. Inu a ku Dedza mukudziwa mmene mawawa amayambira padenga la malata, ndi mmene chiphaliwali chimadzidzimutsira ngakhale munaona mitambo ikuda. Ine pamenepa ndi pamene ndimaikondera. Galuyo mumpepesere.

Mayi a ku Area 25 akuti nsima inapsa nyimbo isanathe. Mayi, imeneyo inali ya mphindi 13 zokha. Ndikanaika "Close to the Edge" ya Yes, ya mphindi 18, yodzaza mbali imodzi yonse ya chimbale, ndiwo nazo zikanapserera.

Mnyamata wa ku Mzuzu akufunsa ngati ilipo yotengedwa ku classical yeniyeni. Ilipo: "Pictures at an Exhibition". Mussorgsky wa ku Russia anaipeka ya piyano mu 1874, ndipo gulu la Emerson, Lake & Palmer linaiimba ndi ng'oma ndi Moog, choimbira chamagetsi chooneka ngati piyano, mu 1971.

Achemwali a ku Chipata, moni wanu wafika. Za ukwati zija lemberani pologalamu ina, ine si ankhoswe.

Koma abale anga, dandaulo loti "sizivinika" landikwana. Kalata ndi kalata, sizivinika, sizivinika. Zoona, sizivinika. Nyimbo zambiri zovina mwendo umawerenga kanayi n'kubwerera, pamene oimbawa amakonda kuwerenga kasanu kapena kasanu n'kawiri, ndiye mwendo umatsala m'malere. Nanga ndani anakuuzani kuti nyimbo iliyonse ndi ya chiuno? Agogo a bambo a ku Dedza aja poliza kalimba panalibe wofumbutsa fumbi. Wa bangwe akayamba kudandaula za moyo wake, anthu ankangokhala chete, dzanja lili patsaya. Lero mwana akatsegula nyimbo pafoni, woimba asanatsegule n'kukamwa komwe chala chadumpha kale kupita ku ina. Ndi ana anga omwe kunyumba ndimalimbana nawo pa nkhani yomweyi, ndiye musaganize kuti ndikunena a eni okha.

Bambo a ku Dedza, ikubwerayi ndi yanu. Ndi Mahavishnu Orchestra, gulu limene John McLaughlin anayambitsa ku New York mu 1971 ataimbako ndi katswiri wa jazi Miles Davis. Pang'oma pali Billy Cobham, ndipo vayolini ilimonso. Mayi a ku Area 25, yambani mwaphula poto.